Agogo ankatentha tchire chaka ndi chaka, nanga bwanji nkhalango sizinkatha?

Mayi wina wa ku Dedza wanditumizira imelo sabata yathayi, akuti phiri la kwawo lapsanso ndipo aliyense akuloza chala anyamata osaka mbewa, koma iwo chikuwazunguza mutu nchakuti agogo awo ankatenthanso tchire chaka chilichonse mitengo nkumakhalapobe, ndiye chasintha nchani?

Amayi, funso lanuli ndalikonda chifukwa ambiri timangothera pa machesi. Inde moto wambiri kuno kwathu amayatsa ndi munthu, osaka mbewa, ofula uchi, owotcha makala, olambula m'munda moto nkuwapulumuka, abusa ofuna msipu watsopano wa ng'ombe. Koma woyatsa amangoyambitsa basi, kukula kwa motowo kumadalira zimene waupeza kutsogolo, paja akulu anati moto umapita kumene kwatsala tchire.

Tiyambe ndi nkhalango zathu zachilengedwe, za miombo ndi misuku zija. Mitengo imeneyi inazolowerana ndi moto kuyambira kalekale, makungwa ake ndi okhuthala ndipo ngakhale kamtengo kapse pamwamba mizu imakhala yamoyo pansi, mvula ikangogwa kaphukiranso. Nkhani yagona pa nthawi. Moto wa mu Meyi kapena Juni, udzu usanaumitsitse, woyatsidwa madzulo kukuzizira, umangoyenda pansipansi nkuzima wokha mame akagwa, umasiya lupsa apa ndi apo ndipo malo opsawo ndi amene amadzaimitsa moto wina mtsogolo. Moto wa mu Seputembala ndi Okutobala ndi chilombo china, udzu uli gwa, dzuwa likuswa mtengo, mphepo ikukuntha, malawi amafika mpaka kunsonga nkupha timitengo tonse tating'ono. Kale kunali mfumu yonena kuti udzu wofolera umwetedwe kaye kenako titenthe, pano aliyense amayatsa tsiku limene wafuna.

Ndiye pali ichi chimene anthu sachiona, tikadula mitengo ikuluikulu kuwotcha makala mthunzi umachoka, dzuwa limafika pansi, udzu umakula kuposa munthu, ndipo chaka chotsatira moto umakhala waukali kuposa kale nkupha ziphukira zomwe zikanabwezeretsa mthunziwo, chaka chinacho udzu wochulukanso, zimangozungulira choncho mpaka phiri kusanduka dazi. Nkhwangwa ndi machesi zimathandizana. Agogo anu ankatentha pansi pa mitengo yothithikana, lero tikutentha udzu wokhawokha.

Paini ndi nkhani ina. Kwanu ku Dedzako alipo, ku Zomba alipo, ku Chikangawa boma linadzala mahekitala pafupifupi 53,000 kuyambira zaka za m'ma 1960 poganiza zomanga fakitale yopanga zopangira mapepala yomwe sinamangidwe. Mtundu wambiri ndi Pinus patula wochokera ku Mexico, uli ndi utomoni woyaka ngati parafini, masamba ake amaunjikana pansi osawola msanga, ndipo ukapsa suphukira ngati muombo, wapita basi. Nkhalango yotere imafuna anthu olambula njira zotchinga moto chilimwe chisanafike, alonda pa nsanja, kuchotsa nthambi zotsala akacheka matabwa. Zimenezi zikalekeka, kapena anthu ozungulira akamaona kuti mitengoyo sakupindula nayo kanthu, utsi ukafuka palibe amathamanga ndi nthambi kukazima. Ine izi zimandiwawa kwambiri, mtengo wa zaka 20 kutha masana amodzi.

Ku Mulanje mkungudza, umene unasankhidwa kukhala mtengo wa dziko lino mu 1984, uli ndi khalidwe lodabwitsa, mbewu zake zimamera bwino pamalo owala m'mphepete mwa nkhalango pomwe moto unadutsapo, koma mbande zake zimafa ndi moto ngakhale wochepa, ndiye umafuna moto wa apo ndi apo kenako zaka zambiri za bata. Ife tinaupatsa macheka ndi moto wa chaka ndi chaka, ndipo kafukufuku wa mu 2017 anapeza mitengo ikuluikulu 7 yokha paphiri lonselo.

Ndiye amayi, mukapita ku msonkhano wa komiti ya zachilengedwe ya m'mudzi mwanu musakangoti tiletse moto, chifukwa tchire losapsa zaka zitatu limasunga udzu wambiri ndipo tsiku lomwe lidzayake palibe adzalizime. Kafunseni kuti mbali ya mitengo yachilengedwe itenthedwa liti mvula ikangosiya, ndani alambule njira kuzungulira paini ndi mbande zomwe munadzala, ndipo alangizi a zankhalango abwere adzaone nawo. Anyamata a mbewawo muwaitanenso pa msonkhanowo, phirilo amalidziwa kuposa tonsefe, amadziwa komwe mphepo imakhotera ndi komwe udzu umayamba kuuma.