Foni kutchire kopanda netiweki: yankho kwa wolondola mapazi wa ku Lupande

Imelo ya sabata ino yachokera kwa m'bale wathu wa ku Mambwe, kum'mawa kwa Zambia. Wangolembedwa ntchito yolondola mapazi a nyama pa kampu ina ya alenje a ziphaso m'dera la Lupande, lomwe lachita malire ndi paki ya South Luangwa. Akufunsa motere: "Abwana akufuna ndizisunga pa foni njira yomwe tadutsa ndi pomwe nyama yagwera. Koma ukangotalikira ku Mfuwe netiweki imasowa. Kodi mapu a pa foni angagwire ntchito? Ndiike pulogalamu iti, nanga ndingadziwe bwanji kuti sitinalowe m'paki?"

Achimwene, angagwire ntchito, bola muwakonzeretu musananyamuke. Foni imadziwa pomwe ili pomvetsera masetilaiti, osati nsanja za Airtel kapena MTN. Mafoni ambiri a masiku ano amamva GPS ya America, GLONASS ya Russia, Galileo ya ku Ulaya ndi BeiDou ya China, ndipo ikangomva masetilaiti anayi kapena kuposerapo imawerengera malo, popanda bandulo ngakhale ya tambala. Chimene chimafuna intaneti ndi mapu enieniwo. Mukapanda kuwatsitsiratu mudzangoona kadontho ka buluu pa sikirini yoyera, kopanda mtsinje kapena msewu.

Pa mapulogalamu sitichedwapo. Google Maps imalola kutsitsa dera, koma sitenga zithunzi za setilaiti, ndipo yopanda intaneti imangolondolera wa galimoto pamsewu. Kutchire siyokwanira. onX Hunt yomwe mumaiona pa YouTube inapangidwira alenje a ku America ndi Canada, musatayirepo ndalama. Ife tingasankhe OsmAnd: yaulere imalola kutsitsa mapu kasanu ndi kawiri, Zambia yense n'kukwana, imajambula njira yomwe mwayenda ndipo imalandira mafayilo a GPX, omwe amasunga njira ndi malo a pa mapu. Ngati kampu ili ndi mapu ake a PDF okhala kale ndi manambala a malo, ikaninso Avenza Maps. Organic Maps ndi yopepuka pa foni ya malo ochepa.

Mukatsitsa, yesani muli pakampu pomwepo. Ikani foni pa Airplane mode, siyani Location yoyaka, tsegulani mapu n'kuwakulitsa mpaka muone tinjira ndi timitsinje ta mbali yomwe mukasake. Yambitsani kujambula njira, thimitsani sikirini, foni m'thumba, muyende mphindi 15 mokhotakhota. Mukapeza kuti yajambula mzere wowongoka kuchokera poyambira mpaka pothera, dziwani kuti foni inagoneka pulogalamuyo pofuna kusunga batire. Izi zimachitika kwambiri pa mafoni a Android otsika mtengo. Lowani mu Settings, pa gawo la batire, muilole pulogalamuyo kugwira ntchito mosaletsedwa, ndipo muipatse chilolezo cha Location cholondola. M'mawa uliwonse imani pamtetete mphindi ziwiri kapena zitatu kuti kadontho kakhazikike, chifukwa popanda netiweki foni imachedwa kupeza masetilaiti koyamba.

Tsopano nkhani ya malire, yomwe ndiyo ingakulowetseni m'mavuto ndi boma. Mzere wobiriwira womwe mumauona pa OsmAnd kapena pa Organic Maps unachokera ku OpenStreetMap, komwe amajambula ndi anthu ongodzipereka. Si chikalata cha boma. Kumbali yanu malire ambiri amatsata Luangwa, ndipo mtsinje umenewu sukhala pamodzi: madzi akasefukira umadula makona, n'kusiya zithaphwi zokhota pomwe unkadutsa kale. Mapu akhoza kuonetsa mtsinje pomwe lero pali mchenga ndi udzu. Ndiye pemphani abwana fayilo ya malire a dera lawo losakamo, ya GPX kapena KML, yomwe anagwirizana ndi a DNPW, nthambi ya boma yoona za mapaki ndi nyama zakutchire yomwe inalowa m'malo mwa ZAWA potsatira lamulo la zanyama la 2015. Ikani fayiloyo mu pulogalamu, muipatse mtundu wofiira. Kenako yendani ndi sikauti wa boma kumalo odziwika a m'malire, monga powolokera kapena pokumana mitsinje, muone ngati mzerewo ukugwirizana ndi zomwe iye akudziwa. Zikasiyana, mawu a sikauti ndiwo muwatsate, foni ikhale pambuyo.

Ngakhale mzere utakhala wolondola, foniyo imaphonya. Pamtetete imalakwitsa ndi mamita 3 mpaka 5. Pansi pa mitengo yowirira ya m'mbali mwa mtsinje, kapena m'chigwembe chakuya, imafika mamita 15 kapena 20, kadontho n'kumadumphadumpha inu mutaima. Onani bwalo lotuwa lozungulira kadonthoko: likakula, foni ikukuuzani kuti ikukayika. Nyama yolasidwa nayo sigwa pomwe yaomberedwa. N'chifukwa chake ndi bwino kujambula mzere wanuwanu wachiwiri, mamita 300 kapena kuposa mkati mwa dera lanu, n'kugwirizana ndi mlenje kuti kupitirira pamenepo mfuti silira. Nyama yolasidwa ikawolokera m'paki, lembani malo omwe yawolokera ndi nthawi yake, muime pomwepo, nkhani ipite kwa a DNPW. Njira yojambulidwa ija ndiyo mboni yanu kuti munaombera kunja kwa paki, choncho musaifufute.

Palinso msampha wa manambala. Malo amodzi amalembedwa m'njira zingapo, ndipo anthu amasokoneza potumizirana pa wailesi. Madigiri 13 ndi maminiti 15 ndi chimodzimodzi 13.25, osati 13.15. Wolemba 13.15 watumiza galimoto makilomita 11 kutali ndi pomwe pali nyama, chifukwa digiri imodzi kuchoka kumpoto kupita kummwera ndi makilomita pafupifupi 111. Kuiwala kachizindikiro kochotsera kutsogolo kwa 13, kosonyeza kuti muli kummwera kwa ikweta, ndiye kumakuponyani ku Sudan. Gwirizanani njira imodzi pakampu ponse, woyendetsa galimoto ndi wosenda zikopa omwe. Mukasankha ya madesimo, tchulani manambala asanu kuseri kwa kadontho, zomwe zimaloza malo mosaphonya kuposa mita imodzi kapena iwiri. Njira ina yotchedwa UTM ndi yabwino kwa woyenda pansi poti imawerenga m'mamita, ndipo dera lanu lili m'chigawo chake cha 36L. Chenjezo lina ndi la mapu akale a pepala a 1:50,000. Ambiri anajambulidwa pa muyezo wa Arc 1950, pomwe foni imagwiritsa WGS 84, ndipo kusiyana kwake kumatha kuposa mamita 200. Werengani m'munsi mwa pepalalo musanakopere nambala iliyonse.

Mfuti ikalira, lembani malo atatu motsatana: pomwe mlenje anaima, pomwe nyama inaima, ndi pomwe mwaona magazi oyamba. Apatseni maina aafupi okhala ndi nthawi, monga "magazi 0742", chifukwa pofika madzulo mudzakhala ndi timadontho tambiri tofanana. Mukamatsata, onjezani kadontho pomwe magazi athera. Mapazi akasowa pa dothi louma la m'tsanya, mumabwerera pamenepo n'kuyamba kuzungulira, ndipo mzere wa timadontho umakuonetsani komwe nyama ikulowera, kaya kumadzi kaya kuzitsamba zowirira. Komabe musasiye kuthyola kanthambi kapena kukanda pansi ndi phazi, poti mamita 10 omwe foni yaphonya ndi ambiri kwa munthu wofuna dontho limodzi la magazi pa tsamba.

Ikakhala njati yolasidwa, foni isatuluke m'thumba mwa amene ali kutsogolo. Maso anu akhale pansi ndi m'zitsamba. Ipatseni munthu wa kumbuyo, kapena ingoisiyani izijambula yokha. Thimitsani kulira, kunjenjemera ndi ma alamu onse musanatsike m'galimoto. Mphepo nayo foni siidziwa. Za nyengo zomwe imaonetsa ndi za dera lonse, pomwe m'dambo mphepo imatembenuka kangapo pa ola. Kathumba ka phulusa koonera komwe mphepo ikulowera musakasiye.

Kamuvi kosonyeza komwe mwayang'ana kamadalira kampasi ya m'foni, ndipo mafoni ena otchipa alibiretu kachipangizo kameneka. Pomwe ilipo imasokonezeka ndi mpope wa mfuti, bodi ya galimoto, ngakhale kachikwama ka foni kotsekera ndi maginito. Talikirani zitsulo masitepe angapo, zunguzani foni m'mwamba ngati mukulemba 8, ndipo mukakayikabe yendani mamita 20 molunjika muone komwe mzere wa njira ukulowera. Umenewo sunama ngati kamuvi.

Batire imadyedwa kwambiri ndi sikirini, osati GPS, komanso ndi foni yomwe ikusakasaka netiweki kulibe, ndiye Airplane mode ikhale ya tsiku lonse. Pawabanki yolembedwa 10,000 mAh imatulutsa pafupifupi 6,000 mpaka 6,500, kutanthauza kudzaza foni ya 5,000 mAh kamodzi n'kutsalako pang'ono. Mu Okutobala m'chigwa cha Luangwa kutentha kumafika madigiri 40, ndipo foni yosiyidwa pa dashibodi kapena yotchajidwa padzuwa imadzithimitsa yokha. Isungeni m'thumba la malaya kapena m'chikwama pamthunzi. Lembani malo a galimoto musanaisiye, muonenso ndi maso komwe kuli dzuwa ndi mtsinje, kuti foni ikafa mubwerere ndi mutu wanu. Kampasi ya m'manja ndi wailesi zikhale nanu, popeza mapu opanda netiweki sangakuitanireni thandizo.

Madzulo tumizani njira ya tsikulo ku foni ya abwana kapena pa kompyuta ya pakampu ngati fayilo ya GPX, dzina lake likhale deti. Mafayilo amenewa, pamodzi ndi malo a madzi ndi pomwe mwaona njovu, asapite m'magulu a WhatsApp kapena pa Facebook, chifukwa otchera misampha nawonso ali ndi mafoni. Chithunzi chotumizidwa ngati Document chimapita ndi manambala a malo omwe chinajambulidwa, choncho thimitsani Location mu kamera, kusiya pokhapo pamene abwana afuna chithunzi chokhala ndi malo ngati umboni.