Phula la pakhomo limalimba ndi zimene zili pansi pake

Achimwene, mwafunsa za kamsewu kanu kochokera pageti kukafika pagalaja ku Lilongwe, mamita 25 m'litali ndi 3.5 m'lifupi, padothi lamakande, ndipo mukuti kontrakitala wina walonjeza kungosalaza n'kuthira phula m'masiku awiri. Chonde musavomere. Phula lakuda limene timaliona pamwamba lija ndi chikopa chabe, chokhuthala masentimita 4. Chimene chimanyamula galimoto ndi gelevulo ndi miyala ya kwale imene ili pansi. Makande amafufuma akamwa madzi m'dzinja, n'kuchita ming'alu m'chilimwe, ndipo phula loyalidwa mwachindunji pamenepo limasweka limodzi ndi dothilo.

Yambani ndi madzi musanagule kanthu. Mvula ikagwa yamphamvu, imani pakhonde muone kumene madzi a padenga ndi a pabwalo akulowera. Kamsewuko kayenera kupendekera mbali imodzi ndi masentimita 2 pa mita iliyonse. Pa mamita 3.5 anuwo, mbali imodzi ikhale pamwamba ndi masentimita 7 kuposa inzake, ndipo kumunsiko kukhale ngalande yotulutsa madziwo kunja kwa mpanda. Paipi ya madzi a padenga isalavulire paphula. Ngati pageti panu pamadutsa ngalande ya msewu waukulu, pakufunika kalavati, ndipo kaonaneni kaye ndi a khonsolo ya mzinda. Kukwirira ngalandeyo kuti galimoto iziwoloka bwino ndi kumene kumabweza madzi m'nyumba za anansi.

Kukumba kufike masentimita 35 kapena kuposa. Dothi lonse lakuda la pamwamba, mizu ya kapinga ndi dawe zichoke, chifukwa udzu umenewu umaboola phula ukasiyidwa. Ngati panali chulu, chikumbeni mpaka pansi, muthire mankhwala a chiswe, mukwirire ndi gelevulo n'kutsendera. Dzenje likadali lotsegula choncho, goneketsani mapaipi awiri a PVC a mamilimita 110 mopingasa kamsewuko, n'kutseka kukamwa kwake. Tsiku lina mudzafuna kuwolotsa paipi ya madzi kapena waya wa magetsi a pageti, ndipo simudzadula phula lanu.

Ndiyeno kuyala. Poyamba pansi penipeni patsenderedwe ndi rola. Pamwamba pake pabwere gelevulo wofiira wokhuthala masentimita 15 atatsenderedwa, kenaka kwale wophwanya wosakanizika, miyala ikuluikulu, ing'onoing'ono ndi fumbi lake lomwe, masentimita enanso 15. Musalole miyala ya msinkhu umodzi ngati ya konkire, chifukwa siigwirana, imangogubuduzika pansi pa tayala. Maziko amenewa atuluke masentimita 20 mbali zonse ziwiri kupitirira pamene phula lidzathere, kuti m'mphepete mukhale potsamira. Mukawerengera, gawo lililonse limatenga makyubiki mita pafupifupi 15 litatsenderedwa, koma poitanitsa nenani 19, popeza zinthu zotsika m'tipa zimachepa rola ikadutsapo.

Apa ndi pamene ntchito zambiri zimalakwikira, ndiye mudzakhalepo nokha tsiku limeneli. Gelevulo wouma satsendereka, wonyowetsetsa amasanduka phala. Tapani pang'ono m'dzanja n'kufumbata: akagwirana ngati mbamu ya nsima koma osadontha madzi, ndiye kuti chinyezi chakwana. Akangoyoyoka, athirenso madzi. Ngati abwera ndi kamakina kakang'ono kogunda pansi kaja m'malo mwa rola, aziyala masentimita 7 kapena 8 okha n'kutsendera asanawonjezere ena, chifukwa mphamvu yake sifika pansi pa masentimita 15. Akamaliza, pemphani tipa yodzaza iyende pang'onopang'ono pamenepo, inu mukuyenda pambali n'kumayang'ana pansi pa tayala lakumbuyo. Pamene nthaka ikunyutuka ngati matiresi kapena tayala likusiya mkwasa, pakumbidwe, pachoke dothi lofewalo, pakonzedwenso. Phula silibisa malo otere, limawaonetsa mvula yoyamba ikangodutsa.

Makebu a konkire, timakoma tatifupi totchinga m'mphepete mwa msewu, aikidwe mbali zonse phula lisanabwere. Phula lopanda chotchinga limayamba kubenthuka m'mphepete.

Maziko akauma ndi kusesedwa bwino, amathira phula lamadzimadzi lotchedwa MC-30, pafupifupi lita imodzi pa sikweya mita, kutanthauza theka la diramu la malita 200 pamalo anuwo. Ntchito yake ndi kulowerera m'kwale n'kumata fumbi kuti phula lotentha lidzagwire. Lisiyidwe tsiku limodzi kapena awiri, osapondapo, mpaka lisiye kumata chala. Kuthira lambiri n'kulakwitsa: lotsalira pamwamba limafewetsa phula lobwera pambuyo pake.

Phula lenilenilo, losakaniza ndi miyala kufakitale, muwerengere chonchi. Malo anu ndi masikweya mita 87.5. Kukhuthala kwa masentimita 4 kumadya makilogalamu pafupifupi 96 pa sikweya mita, ndiye ndi matani 8.4, itanitsani 9. Mgwirizano wanu ndi kontrakitala ulembedwe momveka kuti masentimita 4 amenewo ndi pambuyo pa rola. Kuti atsale 4, amayala 5. Ambiri amapusitsidwa pamenepa, amalipira 4 n'kulandira 3. Phulalo limachoka kufakitale likutentha madigiri pafupifupi 150 mpaka 160, liyenera kufika litafunditsidwa tenti, ndipo rola imalize ntchito lisanazizire kufika madigiri 80. Likafika litachita zibuma zolimba, libwezeni, silingatsendereke. Rola iyambire kumunsi kupita kumtunda. Yang'aniraninso anyamata a mafosholo: amakonda kunyika fosholo ndi reki m'dizilo kuti phula lisamatirire, ndipo dizilo wodontherapo amasungunula phula, pamenepo padzakhala dzenje. Madzi a sopo amagwira ntchito yomweyo popanda kuwononga.

Vuto limene kontrakitala wanuyo mwina sanakuuzeni ndi lakuti fakitale ya phula siyatsa moto chifukwa cha matani 9. Imayatsa ikakhala ndi ntchito ya msewu waukulu, inu mumangokwera nawo. Choncho mufunseni kuti phulalo akalitenga kuti, tsiku liti, ndipo ulendo wake ndi wa mphindi zingati. Akayankha kuti adzaphika pakhomo panu m'madiramu ndi nkhuni, dziwani kuti phula lophika choncho limapserera, miyala yake imakhala yozizira ndi yafumbi, ndipo posachedwa imayamba kusosoka pansi pa tayala. Funsaninso ngati ali m'kaundula wa bungwe loyang'anira makontrakitala, ndipo mukaone ntchito yake imene yadutsa madzinja awiri, osati ya mwezi watha.

Malangizo anga ndi akuti mugawe ntchitoyi pawiri. Ngalande, gelevulo, kwale ndi makebu zichitike mvula ikangoleka, mwezi wa Meyi kapena Juni. Phula libwere pakati pa Ogasiti ndi Okutobala, kunja kukutentha, pamene fakitale ili ndi ntchito pafupi. Likapanda kupezeka, maziko omwewo amalandira mapeva, njerwa za konkire zoyala pansi, okhuthala mamilimita 60 pamchenga wa masentimita 3, kapena a 80 ngati pamalowa malole. Padothi lamakande mapeva ali ndi ubwino wake: pakatitimira mumazula, kukonza pansi n'kubwezera omwewo.

Mukasankha phula, galimoto idikire masiku atatu isanalowe. M'miyezi yoyamba limakhala lofewa masana, makamaka kutentha kwa Okutobala. Musapotoze chiwongolero galimoto itaima, tayala limakanda pamwamba. Pansi pa jeke kapena mwendo wa njinga yamoto ikani thabwa. Lole ya njerwa kapena ya mchenga itsitsire kunja kwa geti, chifukwa masentimita 4 ndi a galimoto zing'onozing'ono. Ngati galimoto yanu imadontha oyilo, ikani chitini kapena mchenga pansi pake, ndipo pamene padonthera kale tsukani ndi sopo tsiku lomwelo.

Chaka chilichonse mu Seputembala yendani kamsewu konse mukuyang'ana pansi. Mng'alu umodzi wowongoka, wolowa chikhadabo, upukuteni fumbi, muthiremo phula lamadzi la emulsion, muwaze mchenga pamwamba mvula isanabwere. Ming'alu yolukanalukana ngati khungu la ng'ona ndi nkhani ina: ikunena kuti pansi palowa madzi kapena sipanatsenderedwe, ndipo kupaka pamwamba n'kutaya ndalama. Pamenepo dulani mwa ngodya zinayi kupitirira masentimita 15 kunja kwa powonongekapo, m'mbali muime chilili, chotsani zofewa zonse, bwezerani kwale n'kutsendera. Pakani emulsion pansi ndi m'mbali, kenaka yalani phula lozizira la m'matumba masentimita 3 kapena 4 nthawi imodzi, mukutsendera, mpaka chigambacho chitumphuke pang'ono pamwamba pa phula lakale kuti madzi asadikhepo. Mango kapena jakaranda amene ali pafupi ndi kebu, dulani mizu yolowera kumsewuko isanatukule phula, ndipo ngalande ija muzichotsamo masamba ndi mchenga mvula yoyamba isanagwe.