Funsani Malume: Ndikufuna kukaona Kulamba, koma sindinalowe gule

Malume,
Ndine bambo wa zaka 29, ndinabadwira ndi kukulira ku Ndirande. Mayi anga ndi Achewa a ku Dedza, koma kumudziko ndimangopitako pamaliro. Chaka chino ndikufuna kukaona mwambo wa Kulamba ku Zambia pamodzi ndi mkazi wanga, yemwe ndi Mlomwe, ndi kamwana kathu. Anzanga akundiopseza kuti poti sindinamete, zilombo zikandigwira. Kodi n'zoona? Nanga ulendowu ndiukonzekere bwanji?
Wa ku Ndirande, Blantyre

Mphwanga,
Anzakowo akungokuseweretsa. Kulamba si za kudambwe ayi. Ndi tsiku limene mafumu a Achewa a ku Malawi, Zambia ndi Mozambique amasonkhana ku Mkaika, m'boma la Katete, kukapereka ulemu ndi mphatso kwa Kalonga Gawa Undi, mfumu yaikulu ya Achewa onse, ndi kumufotokozera momwe anthu akukhalira m'madera awo. Zonse zimachitikira poyera, Loweruka lomaliza la Ogasiti. Kumafika Angoni, Atumbuka, Ansenga, azungu ndi makamera awo, mpaka atsogoleri a mayiko. Mu 2007 Bingu wa Mutharika, Levy Mwanawasa ndi Armando Guebuza anakhala limodzi pabwalo lomwelo. Nanga khamu lonselo linameta? Mayi a kunyumbawo apite mtima uli m'malo.

Chimene chingakupalamulitse mlandu ndi pakamwa ndi miyendo yako. Gule akamadutsa, mpatse njira. Usamutsekereze ndi foni kumaso, usamugwire nsanza, ndipo usalondole komwe akuchokera kapena komwe akulowera akatha kuvina, ngakhale utaona kuti ndi kathengo chabe. Kumeneko n'kwa eni ake. Kamwanako kakadzafunsa mokweza kuti, "Adadi, m'katimo muli ndani?" udzangoti ndi chilombo, nkhani ya kunyumba mudzakambe kunyumba. Pagulu sitinena kuti muli munthu. Konzeratu ndalama zing'onozing'ono zosupira, ndipo uone kaye momwe amayi a komweko akusupira, iwe uzitsatira.

Tsono langizo langa lenileni ndi ili: usakafike Loweruka m'mawa. Ambiri ochokera m'tauni amatero, n'kukaima kumbuyo kwa chikhamu dzuwa likuswa mtengo, n'kumamva zolankhula za akuluakulu a boma pa zokuzira mawu, kenako n'kubwerera akuti Kulamba ndi msonkhano wandale. Zolankhulazo zimatalika ndithu, ine sindibisa. Kafike Lachinayi kapena Lachisanu. Masiku amenewo ndiye magulu a m'midzi amakhala afika pa malole, amanga misasa ya udzu, aliyense ndi ng'oma zake. Ukungoyenda pang'ono wapeza a ku Kasungu, kutsogoloko a ku Chadiza, uko a m'chigawo cha Tete, Chichewa chawo chosiyana katchulidwe koma nthabwala zikumveka bwinobwino. Ufunsefunse a ku Dedza ali pati. Ukatchula mudzi wa mayi ako ndi mfumu yake, usadabwe wina akakuuza kuti agogo ako ankawadziwa. Kwathu kuno mwana ndi wa kuchikazi, ndiye pamenepo sudzakhala mlendo.

Ukapeza poima pafupi ndi oimba ng'oma, maso ako asakhale pa gule yekha. Uyang'ane mkulu woimba mbalule, ng'oma yotsogolera zinzake. Chilombo chikaponda, iye wayankha kale. Chikapalasa fumbi n'kuima mwadzidzidzi, dzanja lake laima nacho, amayi kumbaliku nthungululu. Makanja, wamtali pamitengo uja, amadutsa mutu uli pamwamba pa madenga a misasa, ana n'kumwazikana akukuwa koma osapita patali. Kasiyamaliro akatulukira, ngakhale oledzera amakhala chete kaye. Anamwali nawo amatulutsidwa ndi anamkungwi awo kudzavina pamaso pa mfumu, ndipo mpamene amayi ako akunyumba adzaiwale kuti anatopa. Nkhalamba zimene udzazione zikuvina osasamala fumbi zili ndi chifukwa: atsamunda analetsa mwambowu mu 1934, ndipo unayambiranso mu 1984. Anakula osauona. Lero Gule Wamkulu yemwe ankanyozedwayo anazindikiridwa ndi UNESCO, nthambi ya United Nations yoona za maphunziro ndi chikhalidwe, mu 2005 ngati chuma cha dziko lonse lapansi.

Za ulendo n'zosavuta. Kuchoka ku Blantyre kwera basi ya ku Lilongwe, kenako ya ku Mchinji. Mukawoloka pachipata cha Mchinji ndi Mwami mwafika ku Chipata posachedwa, ndipo Katete ali kutsogolo pamsewu wopita ku Lusaka. Mmalawi safuna viza, koma aliyense akhale ndi chiphaso chake choyendera, ndi mwana yemwe. Pita ku ofesi ya Immigration nthawi ikadalipo. Ndalama sinthira kubanki kapena kumalo ovomerezeka, chifukwa kwacha yathu sugulira nayo kanthu ku Katete. A Chewa Heritage Foundation ndi amene amayendetsa za mbali ya Malawi, ukhoza kuwafunsa za mayendedwe a gulu. Malo ogona ku Katete amadzaza msanga, ena amagona ku Chipata n'kulawirira. Tenga madzi akumwa, chipewa, juzi ya usiku, ndi chitenje chapadera chofunditsa mwana fumbi la Ogasiti. Foni ndi kachikwama ziike m'thumba lakutsogolo. Pachikhamu sipalephera a zala zazitali.

Malume,
Kodi Kulamba ndi Nc'wala ndi mwambo umodzi? Ndimamva zonse zikutchulidwa ku Chipata.
Mayi wa ku Nathenje

Mayi,
Ayi, n'zosiyana, kungoti zonse zili m'chigawo cha kum'mawa kwa Zambia. Nc'wala ndi ya Angoni a Mpezeni, imachitikira ku Mtenguleni pafupi ndi Chipata kumapeto kwa Febuluwale, pamene mfumu imalawa zakumunda zoyamba anthu asanayambe kudya. Kumeneko mukaona ingoma, zishango ndi zikopa za nyama, osati gule. Mukafuna kupitako tengani ambulera, imakhala nthawi ya dzinja.