Achimwene, GT40 ija muisiye kaye

Imelo ya sabata ino yandikanda pachilonda. Wandilembera mkulu wina wa ku Lilongwe, wowotcherera mageti ndi mafelemu a mawindo. Akufuna kupanga galimoto yampikisano ya Ford GT40 yakeyake kuyambira pa chitsulo choyamba, ndipo funso lake ndi lakuti ayambe bodi kapena injini.

Achimwene, nthenda imeneyo ndimaidziwa. GT40 ukaiona kamodzi tulo timatha. Ndi yaifupi, mainchesi 40 okha kuchoka pansi, moti ukaima pambali pake denga limakulekeza m'chiuno. Inapambana mpikisano wa maola 24 wa Le Mans ku France zaka zinayi zotsatizana, 1966 mpaka 1969, kugwetsa Ferrari yomwe inkangodzitengera chikho chaka ndi chaka kuyambira 1960. Ndani sangaifune?

Ineyo inandigwira nditafika kuno ku Joni, ndikugwira maganyu kwa mdala wina amene ankapanga galimoto kuseri kwa nyumba yake. Sinali GT40 ayi, inali yotengera maonekedwe a Lotus Seven, kagalimoto kamene Colin Chapman anatulutsa mu 1957. Ndinkayembekeza kumva injini ikulira. M'malo mwake tinakhalira tebulo. Thabwa lokhuthala, loyalidwa pa miyendo yachitsulo, mdalayo n'kumaliyeza ndi levulo uku ndi uku ngati kuti tebulolo ndiye likathamange. Atakhutira anajambula mzere wa pensulo pakati penipeni, n'kukhomera timatabwa togwira paipi iliyonse pamalo pake. Ntchito yanga inali kugwira tepi. Timayeza kuchoka ngodya iyi kufika ngodya yopingasana nayo, kenako mbali inayo, ndipo zikasiyana ndi mamilimita awiri ankadula n'kuyambiranso. Mumtima ndinkati mkuluyu akungotaya nthawi ndi ndalama za penshoni.

Tsiku lina anandionetsa chifukwa chake. Anatenga mapaipi awiri otsala, n'kuwotcherera mbali imodzi mpaka kumapeto osapumira. Pamene chitsulo chinkazirala, paipi ija inapendekeka yokha ndikuona ndi maso angawa. Chitsulo chimakoka chikamazizira. N'chifukwa chake chasisi, felemu yonyamula galimoto yonse, umayamba waidontheza timadontho paliponse, kuyezanso, kenako kuwotcherera pang'ono kuno, pang'ono tsidya linalo, kuti kukokako kuzilimbana kokhakokha. Geti likapotoka mumalimenya nyundo, mwini nyumba n'kulipira. Chasisi ikapotoka, galimoto imakokera mbali imodzi nthawi iliyonse mukaponda buleki, ndipo palibe makaniko angakonze zimenezo.

Ndinenenso ichi, musakwiye. Makina anu a ndodo aja, amene amachita bwino pa engo ayoni, pa paipi ya mamilimita 25 yokhuthala 1.6 amangoboola mabowo. Pamafunika makina owotcherera ogwiritsa ntchito gasi, a MIG kapena TIG, ndi dzanja lozolowera. Izi si kunyoza owotcherera a kwathu. Ndaona anthu m'mbali mwa msewu akupanga ngolo ndi zigayo za chiponde ndi makina owotcherera odzilukira okha, nzeru zilipo zambiri. Koma ngolo sithamanga makilomita 150 pa ola mwana wa munthu ali mkati.

Ndipo zimandipsetsa mtima anthu akamaona ngati galimoto ndi chikhungwa chake. Wina amagula bodi ya faibagalasi, kuiveka pa Beetle yakale, kumata baji ya Ferrari, n'kumayenda chifuwa patsogolo. Limenelo ndi bodza loyenda ndi matayala. Baji ya eni ake musaike, ikani dzina lanu, kapena la agogo anu, bola likhale loona. Makampani opanga zotengera amene amalemekezedwa kuno anayambira pansi pa galimoto. Birkin inayamba kupanga ma Seven cha ku Durban m'zaka za m'ma 1980. Hi-Tech Automotive ya ku Gqeberha imapanga ma Cobra ndi ma GT40 ogulitsidwa ku America ndi dzina la Superformance, koma kumeneko ndi kufakitale, kuli zikombole ndi amisiri ambirimbiri.

GT40 yeniyeni thunthu lake ndi la malata achitsulo opindidwa n'kulumikizidwa ngati bokosi, osati mapaipi. Injini ya V8 imakhala kumbuyo kwa woyendetsa, ndipo giyabokosi ndi difu yogawa mphamvu ku matayala zili m'chimake chimodzi. Ma GT40 enieni ambiri anali ndi giyabokosi ya kampani ya ZF, otengera ambiri amasaka ya Porsche, Audi kapena Renault. Galasi lakutsogolo ndi lokhota mwakuti simungalidulitse m'tauni. Zitseko zimadya mbali ya denga, ndipo kuti zitsekeke bwino ngakhale akatswiri amatuluka thukuta.

Nanga muyambire pati?

Pa Seven ija. Mapulani ake alipo, amawatcha Locost, anafala ndi buku la Ron Champion la 1996. Mapaipi ambiri ndi owongoka, mbali zake ndi aluminiyamu yongopinda ndi manja, ndipo yonse ikatha imalemera makilogalamu 500 kapena kupitirirako pang'ono, choncho injini yaing'ono imakwana.

Vuto lili pa galimoto yophwasula kuti muchotsemo injini ndi zipangizo zina. Pamafunika yokankha ndi matayala akumbuyo, pamene ma Vitz ndi ma Sienta adzaza m'misewumo amakoka ndi matayala akutsogolo. Bukulo linkadalira Ford Escort Mk2, yomwe lero ikusowa ndipo eni ake amaiumira. Ine ndimakonda Nissan 1400, kabaki kamene kankapangidwa kuno mpaka 2008, chifukwa masipeya ake ali ponseponse. Mazda Roadster yochokera ku Japan ndiye yabwino koposa ngati thumba likulola.

Ndiye yankho lanu: si bodi, si injini. Pitani kaye ku Road Traffic mukamve zimene amafuna pa galimoto yodzipangira, pezani yophwasula, yezani zonse zochotsamo, khomani tebulo. Mabuleki, chiwongolero ndi malamba gulani zenizeni, musadzipangire. Mukadontheza chasisi nditumizireni miyeso ya ngodya zija musanapitirize.