Za mabuku a matsenga amwana aja, musagule a mumsewu

Achemwali, mwafunsa mabuku achingerezi oseketsa a matsenga ndi maiko ena oti mtsikana wanu wa zaka 10 aziwerenga holide ino, ndaona ena akuti Harry Potter Harry Potter ngati kulibenso buku lina padziko pano kkkk.

Mupezereni Charmed Life, wolemba ndi Diana Wynne Jones, linatuluka 1977, ndi lakale koma silikalamba. Muli kamnyamata dzina lake Cat ndi mlongo wake Gwendolen, mtsikana wamatama zedi amene amadziona ngati katswiri wa matsenga, atengedwa kukakhala kunyumba kwa bambo wina otchedwa Chrestomanci. Bamboyo ndi wantchito wa boma, ntchito yake kuyang'anira kuti anthu asamagwiritse matsenga molakwika m'maiko ambirimbiri ofanana ndi lathuli, koma amangoyendayenda atavala ma gauni ogonera owala ngati akupita ku ukwati. Ndiye mtsikana uja pofuna kuti amuone kuti ndi dolo, tsiku lina ku tchalitchi anachititsa kuti zithunzi za m'magalasi a mawindo ziyambe kuyenda ndi kumenyana mapemphero ali mkati. Mwana wanga pamenepo anaseka mpaka kutsamwa tiyi, tinachita kumumenya pamsana. Lina losavuta chingerezi chake ndi The Secret of Platform 13 la Eva Ibbotson, 1994, khomo lopita ku chilumba cha matsenga lili pa siteshoni ya King's Cross ku London ndipo limatseguka masiku 9 okha pa zaka 9 zilizonse.

Koma chachikulu chomwe ndalembera ndi ichi, musagule mabuku a fotokope aja amayala pansi m'tauni muno mu Harare. Ine ndinapusitsidwa ndi mtengo, madola 3 okha, chikuto chonyezimira bwinobwino chili mu pulasitiki. Tafika kunyumba ku Mufakose mwana wawerenga masiku awiri, akubwera nkhope ili gwa, amama nkhaniyi siikumveka. Kuyang'ana, masamba ngati 20 kulibe, ndiye chaputala china chabwerezedwa kawiri, inki nayo yotuwa moti usiku magetsi atazima ndi katochi ka pafoni sumaona kanthu. Guluu wake sabata siinathe masamba ali mbwee pabedi. Ndinakwera kombi kubwerera komweko, munthu uja anali atasamuka kale, transipoti yokha inaposa mtengo wa buku. Mwana akagwa mphwayi pakati pa nkhani chonchi kumubwezanso ku buku ndi ntchito, wanga anabwerera ku makatuni mwezi wathunthu.

Pitani ku flea market ya ku Avondale, kuli matebulo a mabuku akaunjika, enieni ngakhale ali ofiira m'mbali, pafupifupi madola 2 mpaka 5 kutengera kuti mwanenerera bwanji. Tengani ndalama zing'onozing'ono, chenji mukudziwa kale mavuto ake kuno. Ndipo musachite manyazi, vundukulani masamba pomwepo muone manambala ngati akutsatana, makamaka kumapeto, ena ana a eni ake anang'amba. Kapena mukamulembetse ku Harare City Library ku Rotten Row, ayambe walawa asanakuwonongetseni ndalama.

Chenjezo lina, ngati kunyumba muli ndi agogo kapena apongozi a mpingo kwambiri, samalani ndi Witch Week, ndi la gulu lomwelo la Chrestomanci ndipo ndi loseketsa, ana a pa sukulu yogonera konko, koma dzina lokhalo likuputirani mlandu. Kwathu mawu oti mfiti si nthabwala, apongozi anga atamva tanthauzo lake ananena kuti tikuphunzitsa mwana kutamba, ndinachita kulikutira ndi pepala la khaki lija la makope a kusukulu nkulemba English pamwamba. Komanso mkatimo mfiti amaziwotcha pamoto, kwa mwana wamantha dikirani afike kaye zaka 12.

Achimwene amene mwatchula Northern Lights ya Philip Pullman, maiko ena alimo inde, koma mwaliwerenga? Ana akubedwa mmenemo, palibe choseketsa, achemwali afunsa zoti mwana aseke osati azidzuka usiku akukuwa.

Lathu la Platform 13 lilipo, chikuto anatafuna mng'ono wake pakona koma masamba onse ali, ngati Loweruka mudutsa ku Mbare ndiuzeni ndibwere nalo.