Laputopu ya magemu kapena desikitopu? Ine ndikuti desikitopu

Achimwene, mwafunsa ngati ndalama zomwe mwasunga mugulire laputopu ya magemu kapena desikitopu, ndipo mwanena kuti nthawi zambiri mumasewera kunyumba madzulo mukaweruka kuntchito. Ngati ndi choncho, tengani desikitopu. Ine ndinagula laputopu yotere zaka zitatu zapitazo, choncho ndikunena zimene ndaziona ndi maso angawa.

Nkhani yonse yagona pa kutentha. GPU, chipangizo chimene chimajambula zithunzi za gemu, imadya magetsi ambiri, ndipo magetsi amenewo amasanduka kutentha. Mu desikitopu muli malo, mafani akuluakulu, mphepo imalowa ndi kutuluka momasuka. Mu laputopu zonse zapanikizana m'kabokosi kopyapyala. Purosesa, yomwe ndi ubongo wa kompyuta, ikafika madigiri pafupifupi 95 mpaka 100, imadzichepetsa liwiro yokha kuti isapse. Mumayamba gemu ikuyenda bwinobwino, pakatha theka la ola imayamba kudodomadodoma, makamaka pamalo amene adani akuchulukirani. Yangayi zala za kumanzere, zimene zimakhala pa W, A, S ndi D, zinkachita thukuta chifukwa cha kiyibodi yotentha, mafani akulira moti amene ali m'chipinda china ankamva.

Chimene chimandiwawa kwambiri ndi mayina. Anthu ambiri amaona dzina pabokosi nkuganiza kuti ndi chinthu chimodzimodzi. Tengani GPU yotchedwa RTX 4090 ya kampani ya Nvidia. Ya desikitopu, yomwe inatuluka mu 2022, ili ndi memori ya 24GB ndipo imatha kukoka mawati 450. Ya laputopu ili ndi 16GB, chipu chake nchaching'ono, ndipo siipitirira mawati 175. Dzina ndi limodzi, mphamvu nzotalikirana kwambiri. Komanso malaputopu awiri okhala ndi GPU ya dzina lofanana akhoza kusiyana liwiro, chifukwa kampani iliyonse imaika malire ake a magetsi.

Kenako pali za mtsogolo. Mu malaputopu ambiri GPU ndi purosesa zinawotchereredwa pabolodi, simungazichotse. Chomwe mungasinthe ndi SSD (mosungira mafayilo) ndi RAM (memori yogwirira ntchito) basi, ndipo ena ngakhale RAM yomwe anaiwotcherera. Magemu atsopano akayamba kuilemera, kapena GPU ikafa, mwataya makina onse pamodzi ndi sikirini ndi kiyibodi zomwe zinali bwinobwino. Desikitopu mumatsegula chivundikiro, kuzula khadi ya GPU yakale, kulowetsa ina, sikirini yomweyo nkumapitiriza nayo kwa zaka. Kuchotsa fumbi nakonso nkosavuta, pomwe yangayi ndimachita kumasula tizomangira toposa khumi ndisanaone fani.

Mwina mukuti koma laputopu ndimayenda nayo. Zoona, koma musadalire batire. Mabatire ake sapitirira 99.9Wh (Wh ndi muyezo wa magetsi amene batire limasunga) chifukwa malamulo a m'ndege amaika malire pa 100Wh, ndipo gemu yolemera imalimaliza mu ola limodzi kapena awiri. Mukangozula chaja, makina amatsitsa mphamvu okha. Ndiye mumayenda ndi chaja chachikulu ngati njerwa, mausi ndi mahedifoni, nkumafunafuna soketi kulikonse kumene mwafika. Yanga inathera patebulo, yolumikiza kukhoma usana ndi usiku, mpaka batire linafooka.

Sindikuti laputopu ilibe ntchito. Wophunzira wosamukasamuka, kapena munthu amene ntchito imamugoneka kutali ndi kwawo, alibe kuchitira mwina. Komanso magetsi akazima mwadzidzidzi batire limakupatsani mpata wosunga gemu, pomwe desikitopu imafuna kugulira UPS, kabokosi ka batire kosungira magetsi. Koma inu mwati mumasewera kunyumba.

Mtima ukakanirirabe pa laputopu, musanalipire funsani nambala ya TGP, ndiye kuti mawati amene GPU yake imaloledwa kukoka, ndipo onetsetsani kuti RAM yake ndi yochotseka. Mutiuzenso magemu amene mumakonda kuti tikuthandizeni kusankha khadi yoyenera.