Waya ndi kapu ya pulagi pa njinga yamoto ya CDI

Funso: Akonzi, njinga yanga yamoto ndi yakale ndithu, ndipo posachedwapa ndinachotsa mapointi, tizitsulo totseka ndi kutsegula magetsi opangira moto wa pa pulagi, n'kuikapo CDI, kabokosi kamagetsi kamene kamawomba motowo m'malo mwake. Waya wopita ku pulagi wang'ambika ndipo kapu yake yakhwefuka. Ena akuti ndigule waya wa galimoto, ena akuti wamkuwa ndi umene umapereka moto wamphamvu. Kodi ndimvere ndani?

Yankho: Zikomo chifukwa cha funso lanu. Amene akukuuzani za waya wamkuwa sakunama, koma akuiwala mbali ina yofunika kwambiri. Nthawi iliyonse moto ukathetheka pa pulagi, magetsi opitirira mavoti 10,000 amadutsa m'wayamo, ndipo amatulutsa mafunde osokoneza zipangizo zamagetsi zimene zili pafupi. Mapointi sankasokonezedwa ndi mafundewa, pomwe CDI ikhoza kuwatenga ngati chizindikiro choti iwombe moto, n'kuwomba pa nthawi yolakwika. Zikatero injini imadukizadukiza, makamaka ikamathamanga kwambiri, ndipo mwini njinga amayamba kunamizira kabyuleta yomwe ilibe mlandu.

Chimene chimachepetsa mafundewa ndi resistor, kachipangizo kochepetsa kuyenda kwa magetsi, yomwe iyenera kupezeka penapake pakati pa koyilo (chipangizo chokweza mavoti opita ku pulagi) ndi nsonga ya pulagi. Ikhoza kukhala m'kapu, m'pulagi kapena m'waya momwemo. Pa njinga zambiri njira yodalirika ndi waya wamkuwa wa mamilimita 7 pamodzi ndi kapu yokhala ndi resistor ya ma ohm 5,000 (ohm ndi muyeso wa mphamvu ya resistor). Pa makapu a NGK nambala 05, monga pa LB05F, imasonyeza mlingo umenewu, ndipo pulagi ya kampani yomweyo ikakhala ndi chilembo R m'dzina lake, monga CR7HSA, ndiye kuti ili kale ndi resistor m'kati.

Kodi kuika resistor m'kapu ndi m'pulagi momwe n'kulakwa? Njinga zambiri zamakono zimatuluka ku fakitale zili choncho ndipo zimayenda bwinobwino, koma pa njinga yakale yokhala ndi koyilo yofooka, ma ohm 10,000 a ma resistor awiriwo akhoza kuchepetsa moto mpaka injini n'kumavuta kulira m'mawa kukazizira. Werengani kaye kabuku kamene kanabwera ndi CDI yanuyo, chifukwa amene anaipanga ndi amene amadziwa zimene imafuna.

Waya wa galimoto wokhala ndi kaboni m'kati sindingakulimbikitseni kuugula. Kapu ya njinga ili ndi kasikuluwu kamene kamaluma mkuwa wa m'kati mwa waya, koma m'kaboni kamangofumbula osagwira kanthu, ndipo kugwedezeka kwa injini kumamaliza kuwononga pamenepo.

Pogula kapu, tengani pulagi yanu kuti muyeze, pakuti makapu ena amagwira pa kanati kapamwamba pa pulagi, pomwe ena amafuna kuti kanatiko kachotsedwe kuti agwire pa mazinga. Onaninso ngati ikhale yowongoka kapena yopindika malinga ndi malo a pa injini, komanso ngati timipira take ta mbali zonse ziwiri tili bwino, chifukwa ndi timene timatchinga madzi. Ngati muli ndi multimeter, chipangizo choyezera magetsi, yezani kapuyo kuchokera mbali ina kufika mbali inayo. Iyenera kusonyeza pafupifupi ma ohm 5,000, ndipo ikapanda kusonyeza kanthu ndiye kuti resistor inaduka.

Polumikiza, dulani nsonga ya waya mowongoka kuti mkuwa woyera uonekere, kenako mupotokoze kapu mpaka italimba. Wayayo asakhudze ekizosi, ndipo adutse kutali ndi timawaya topita ku CDI. Musayese kuliza injini kapu itazulidwa n'kungolendewera, chifukwa magetsi osowa kolowera akhoza kuotcha koyilo kapena CDI imene mwangogulayo. Pofuna kuona moto, ikani pulagi m'kapu ndipo muigunditse pa chitsulo cha injini.